Ana anga amaloweza malamulo a Newton koma sawakhulupirira

Funso: Ndimaphunzitsa Physics pa sekondale yoyendera kufupi ndi Santhe, m'boma la Kasungu. Ana anga a Fomu 3 amanena malamulo atatu a Newton pamtima osaphonya, ndipo masamu a F = ma (lamulo lachiwiri: mphamvu F ndi m, mass ya chinthu m'makilogalamu, kuchulukitsa ndi a, kusintha kwa liwiro) ambiri amakhoza. Koma nditawauza kuti ajambule mphamvu zimene zikugwira ntchito pa mwala woponyedwa m'mwamba, pafupifupi onse anajambula muvi woloza kumwamba n'kulemba kuti ndi mphamvu ya dzanja. Ndimafotokoza, amavomera, koma sabata yotsatira abwerera pomwepo. Labotale tilibe. Kodi vuto ndi ana, Chingerezi, kapena ineyo?

Yankho: Aphunzitsi, muvi umene ana anu ajambulawo ndi wodziwika dziko lonse lapansi. Mu 1982, John Clement wa ku yunivesite ya Massachusetts ku America anafalitsa zotsatira za funso lofanana ndi lanuli, kungoti iye anafunsa za ndalama yachitsulo yoponyedwa m'mwamba. Amene ankayankhawo sanali ana a Fomu 3. Anali ophunzira za uinjiniya, a Chingerezi choyamwira, okhala ndi malabotale odzaza zipangizo. Ambiri anajambula muvi woloza kumwamba, ndipo ngakhale pakati pa amene anali atamaliza kale kosi yonse ya kayendedwe ka zinthu, olakwa anachuluka kuposa okhoza. Choncho tisathamangire kuloza chala ana a ku Santhe, kapena Chingerezi, kapena kusowa kwa labotale. Zimenezo zimawonjezera katundu, koma muzu uli kwina.

Mwana akamafika Fomu 3 amakhala ataona zinthu zikuyenda kwa zaka 15 kapena kuposa. Wakankha wilibala, wapalasa njinga mumchenga, watsogolera ng'ombe pangolo, walasa mbalame ndi legeni. Pa zonsezi watolapo lamulo lake limene palibe anamulembera pabolodi: chinthu chimayenda ngati pali chochikankha, ukasiya kukankha chimaima, ndipo ukafuna kuti chithamange uwonjezere mphamvu. Lamulo limeneli silinamunamizepo. Ng'ombe zikaima ngolo imaima. Wakabaza akasiya kupalasa pa msewu wafumbi wa ku Chamama, njinga sipita patali. Ndiye mukubwera inu ndi choko, n'kunena lamulo loyamba la Newton, loti chinthu choyenda chimapitirirabe kuyenda popanda chochikankha. Mwana woleredwa bwino sangatsutsane ndi aphunzitsi. Amalemba m'kope, amaloweza, koma zake amazisunga.

Eric Mazur, mphunzitsi wa physics ku yunivesite ya Harvard ku America, amasimba kuti chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anapatsa ophunzira ake mafunso a mtundu umenewu, opanda masamu, ongofuna kuganiza. Mkati mwa mayesowo wina anamufunsa kuti ayankhe motani: monga anaphunzitsidwira m'kalasi, kapena monga amaganizira masiku onse? Ana anu sanakufunseni zimenezo, koma ndi zimene zikuchitika. Mukati anene lamulo loyamba, amayankha za m'kope. Mukafunsa za mwala, amayankha ndi nzeru za kubusa.

Nzeru za kubusazo musazipeputse. Aristotle, amene anakhalako zaka zoposa 300 Yesu asanabadwe, ankaphunzitsa kuti chinthu chokankhidwa sichingapitirize kuyenda popanda chochiyendetsa, ndipo mwala woponyedwa unamuzunguza mutu mpaka anati mpweya ndi umene umaukankha. M'zaka za m'ma 1300, Jean Buridan wa ku Paris anakana za mpweyazo. Iye anati dzanja limaika kanthu mkati mwa mwala, kamene anakatcha impetus, ndipo kanthuko kamayendetsa mwalawo mpaka kagonjetsedwe. Werenganinso mapepala a ana anu: mphamvu ya dzanja ija ndi Buridan weniweni. Panafunika Galileo, amene anamwalira mu 1642, kenako Descartes, kenako Newton ndi buku lake la Principia la mu 1687, kuti maganizo amenewa agwe. Zimene zinatengera anthu anzeru zaka pafupifupi 2,000, ife timazipatsa piriyodi imodzi, n'kuthamangira ku F = ma chifukwa kumeneko kuli masamu osavuta kuchonga. Apa ndi pamene ndimatsutsana ndi kaphunzitsidwe kathu. Pa malamulo atatuwa, loyamba ndilo lovuta kwambiri, ngakhale lilibe fomyula.

Chida chimene ndikufuna mutenge ndi funso lalifupi, lofunsidwa tsiku lililonse mpaka ana atatopa nalo: akukankha ndani, kapena akukoka ndani? Mphamvu si katundu woti chinthu chinyamule n'kumayenda naye. Ndi zimene chinthu china chikuchita pa chinzake, pa nthawi yomweyo. Ndiye muvi uliwonse umene mwana wajambula ukhale ndi maina awiri, wochita ndi wochitiridwa. Dziko likukoka mwala. Mpweya ukukankha mwala. Mwana akalemba kuti dzanja likukankha mwala, musafulumire ndi cholembera chofiira. Mufunseni kuti pamene mwala wafika pamwamba pa denga la kalasi, dzanjalo lili kuti. Lili pansi, mwina lalowa kale m'thumba. Dzanja limakankha pokhapokha likukhudza. Zokoka kapena kukankha popanda kukhudza n'zowerengeka pa msinkhu wawowu: dziko, maginito, ndi magetsi aja amene chipeso chimatolera nawo timapepala. Muvi umene wasowa mwini wake ufufutidwe ndi amene anaujambula, osati ndi inu.

Wochenjera m'kalasimo adzadzuka: nanga ngati palibe choukankha, mwalawo ukukwera bwanji? Akafunsa zimenezi, phunziro layamba. Mwala ukukwera chifukwa dzanja linaupatsa liwiro usanachoke, ndipo liwiro silifuna wolichirikiza. Chimene chimafuna mphamvu ndi kusintha kwa liwiro, kaya kukula kwake kaya kumene laloza. Muwasonyeze ndi manambala. Mwala uchoke m'dzanja pa liwiro la mamita 20 pa sekondi. Dziko limasintha liwiro la chinthu chakugwa ndi mamita pafupifupi 9.8 pa sekondi pa sekondi iliyonse. Tingonena kuti 10, ndipo mpweya tiuike pambali. Pakatha sekondi imodzi mwala ukukwera pa 10. Pakatha masekondi awiri uli pa 0, utafika mamita 20 m'mwamba. Pa sekondi yachitatu ukutsika pa 10, pa yachinayi wabwerera m'dzanja pa 20. Alembe manambalawa pamzere, okwera akhale ndi chizindikiro chophatikiza, otsika chochotsera: 20, 10, 0, -10, -20. Afunseni chimene akuona. Sekondi iliyonse pakuchoka 10, pokwera, pamwamba, ndi potsika pomwe. Ngati kusinthako n'kofanana ulendo wonse, wochititsa ndi mmodzi yemweyo, ndipo akukokera pansi kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto.

Pamwamba penipeni pali msampha wina. Ambiri adzati pamenepo mphamvu palibe, kapena mphamvu ya dzanja yafanana ndi ya dziko, chifukwa mwala waima. Agwiritseni lamulo limene aloweza lija. Chinthu choima, chopanda mphamvu yotsala pa icho zonse zikaphatikizidwa, chimakhala chiimire. Akanakhala kuti akunena zoona, mwala ukanangokhala lende m'malere. Liwiro ndi limene lili 0 pa kamphindi kameneko, koma kusintha kwake sikunaime. Kusokoneza ziwirizi, liwiro ndi kusintha kwa liwiro, ndi kumene kumabala zolakwa zambiri za mutu umenewu, ndipo mwana amene sanazisiyanitse angathe kuchulukitsa m ndi a chaka chonse osadziwa kuti a akutanthauza chiyani.

Pali chimodzi chimene ana akunena zoona, ndipo muwavomereze poyera. Akumva kuti mwala woyenda uli ndi kanthu kamene mwala woima ulibe. Ulidi nako. Ndi momentum, mass kuchulukitsa ndi liwiro. Kanthuko kali ndi malo ake m'silabasi, koma si mphamvu yokankha, ndipo sikajambulidwa pa chithunzi cha mphamvu. Mukangouza mwana kuti walakwa basi, amasiya kulankhula. Mukamuuza kuti chimene waonacho chilipo koma wachiika m'gulu lolakwika, amakhala ndi pochisunga.

Tsopano za kusowa kwa labotale. Pa mutu uwu simukutaya zambiri. Pezani thabwa, njerwa ziwiri ndi botolo lagalasi. Tsamiritsani thabwa pa njerwa, botolo ligubuduke kuchokera pamalo amodzi nthawi zonse, koma musinthe kumene likufikira: pamchenga, kenako pa chiguduli choyala, kenako pa dothi lolimba la pabwalo, pomaliza pa simenti ya m'kalasi. Asanaone, anene kumene liime, ndipo aikepo timiyala. Likafika pa simenti, afunseni kuti pakanakhala posalala kuposa apa likanaima pati, ndipo posalala kuposa pameneponso. Muwasiye afike okha pa funso lomaliza: nanga pakanapanda chilichonse cholibweza? Imeneyi ndi njira imene Galileo anayenda ndi timipira take togubuduka pa matabwa otsetsereka. Palibe anaonapo malo opanda friction, kukhuzana kumene kumabweza chinthu choyenda, padziko pano. Lamulo loyamba timalifikira poona kumene zinthu zikulowera tikamachepetsa zobweza. Chimene chimavuta ana n'chakuti friction ilibe minofu, situluka thukuta, ndiye saiwerengera ngati wokankha. Botolo likaima amati mphamvu yatha. Funso lija libwerenso: waliimitsa ndani? Mchenga. Ndipo mchengawo ukukankhira kuti? Kumbuyo.

Akafuna chitsanzo cha chinthu choyenda popanda chochikankha, auzeni za Voyager 1, chombo chimene chinaponyedwa m'mlengalenga mu 1977. Palibe injini yochikankhira kutsogolo, koma mpaka lero chikuyenda makilomita pafupifupi 17 pa sekondi, chifukwa kumene chiliko zochibweza n'zochepa zedi.

Ngolo ndi imene ndimaikonda kwambiri pophunzitsa ana a kuno, chifukwa palibe amene angawanamize za ngolo. Nenani kuti ngolo yodzaza mabelo a fodya ili ndi mass ya makilogalamu 600, ndipo ikuyenda pa msewu wa see, pa liwiro losasintha. Afunseni: kukoka kwa ng'ombe ndi zonse zobweza ngolo, chachikulu n'chiti? Manja ambiri adzapita kwa ng'ombe. Adzati ngati ngolo ikupita kutsogolo, yakutsogolo iyenera kupambana. Yankho ndi lakuti n'zofanana. Ng'ombe zikakoka ndi manyutoni (muyeso wa mphamvu) 900, zobweza nazo zikhale 900, yotsala ndi 0, ndipo ngolo ipitiriza pa liwiro limene ili nalo, osawonjezera, osachepetsa. Mnyamata wa pangolo akazikalipira ng'ombe, zikoke ndi 1,200, yotsala ndi 300, ndipo 300 kugawa ndi 600 ikupatsa 0.5: sekondi iliyonse liwiro likukula ndi theka la mita pa sekondi. Zikakoka ndi 600, yotsala ndi 300 yoloza kumbuyo, koma ngolo sibwerera m'mbuyo ayi; ikupitabe kutsogolo, kungoti liwiro likutsika. Pachitatu apa chedwanipo, chifukwa ndi mwala uja wabwera m'maonekedwe ena: chinthu chikupita uku, mphamvu yotsala yaloza uko. Dziwaninso kuti F wa mu F = ma si mphamvu iliyonse imene mwana waipeza m'funso. Ndi yotsala zonse zikaphatikizidwa, imene mabuku amati resultant force.

Za minibasi aliyense ali ndi umboni. Mbuzi ikadumphira mumsewu wa M1, dalaivala n'kuponda buleki, tonse timagwera kutsogolo, ndipo tikamasimba timati tinakankhidwa. Anatikankha ndani? Wakumbuyo nayenso amagwa. Palibe anatikankha. Buleki inaimitsa galimoto, sinaimitse ife, ndipo thupi linapitiriza ulendo mpaka litapeza choliimitsa, kaya lamba, kaya mpando wakutsogolo, kaya galasi. Ikani dzungu mu wilibala, mwana athamange nayo n'kuima mwadzidzidzi, ena aone kumene dzungu lipite. Kapena afunseni chifukwa chimene bambo awo amamenyetsera mutu wa mpini pamwala khasu likagwedera: mpini umaima, chitsulo chimapitirira n'kulowa mkati.

Lamulo lachitatu, loti chinthu chikakankha chinzake chinzakecho chimachikankhanso ndi mphamvu yofanana moyang'ana kosiyana, ana amaliimba mokoma kuposa onse, ndipo ndi limene amalikana kwambiri. Funsani za lole yodzaza fodya yopita ku Chinkhoma imene yawombana ndi kagalimoto kakang'ono. Ndani wamenya mnzake ndi mphamvu yaikulu? Onse adzati lole, ndipo adzakuuzani kuti mukaone mmene kagalimotoko kaphwanyikira. Akuyang'ana zotsatira n'kumayesa kuti akuona mphamvu. Mphamvu ziwirizo n'zofanana ndendende. Tiyerekeze kuti ndi manyutoni 100,000 mbali iliyonse. Pa lole ya makilogalamu 20,000, kusintha kwa liwiro ndi mamita 5 pa sekondi pa sekondi. Pa kagalimoto ka makilogalamu 1,000 ndi 100, kuwirikiza ka 20. N'chifukwa chake a m'kagalimoto ndi amene amavulala kwambiri. Kuti akhulupirire ndi maso, bwerekani masikelo awiri a mbedza, aja ogulira mtedza ndi soya, bola akhale osabera. Kolani mbedza ndi mbedza. Mnyamata wamkulu m'kalasi agwire ina, mtsikana wamng'ono agwire inayo. Uzani mnyamata akoke, mtsikana angogwira. Kenako asinthane. Kenako mulamule mnyamatayo kuti sikelo yake iwerenge 10 koma ya mnzake iwerenge 5. Ayesetsa, alephera, kalasi iseka, ndipo kusekako kumakhalitsa m'mutu kuposa manotsi.

Akangovomera zimenezi, wochenjera uja abweranso, ndipo akapanda kubwera mumubweretse ndinu. Ngati ngolo ikukoka ng'ombe m'mbuyo ndi mphamvu yofanana ndi imene ng'ombe zikukokera ngolo kutsogolo, zingachoke bwanji pamalo? Si zithetsana? Funso limeneli limagwetsa ngakhale aphunzitsi. Mphamvu zimathetsana zikakhala pa chinthu chimodzi. Ziwiri za lamulo lachitatu sizikhala pa chinthu chimodzi mpang'ono pomwe: ina ili pa ngolo, ina ili pa ng'ombe. Ndiye ajambule zithunzi ziwiri, pa mapepala awiri ngati n'kotheka. Pa pepala la ngolo pali ng'ombe zikukokera kutsogolo ndi msewu ukubweza. Zikapambana ng'ombe, ngolo inyamuka. Pa pepala la ng'ombe pali ngolo ikukokera kumbuyo, ndipo pakufunika wina wokankhira kutsogolo. Ndani? Apa kalasi imakhala zii. Ndi nthaka. Ziboda zimakankha nthaka kumbuyo, nthaka n'kukankha ziboda kutsogolo. Adzakayikira kuti nthaka ingakankhe, koma akumbutseni za mwezi wa Januwale, ngolo itatitimira kudambo, ng'ombe zamphamvu zomwezo zikungoterereka m'matope. Minofu ilipo, goli lili m'khosi, koma nthaka yakana kuzikankha. Tayala lakumbuyo la njinga yamoto likamamwaza matope kumbuyo, ndi nkhani yomweyo.

Mawu akuti action ndi reaction ine ndimawapewa mpaka kumapeto, chifukwa ana amamva ngati china chimayamba, china n'kubwezera pambuyo. Zimachitika limodzi. Ndi bwino azolowere kungotembenuza maina: ng'ombe zikukoka ngolo, ngolo ikukoka ng'ombe.

Kukayikira kuti chinthu chopanda moyo chingakankhe kumaonekeranso pa buku lili patebulo. Ambiri amajambula muvi umodzi woloza pansi, n'kunena kuti tebulo langotchinga. Musalimbane nawo, apititseni pang'onopang'ono. Mwana atambasule dzanja, mumuikire njerwa. Avomera kuti dzanja likukankhira m'mwamba, chifukwa akumva kutopa. Ikani njerwa pa chidutswa cha matiresi. Chikupanika, ndipo akachipanikiza ndi chala akumva chikubweza. Ikani njerwa pa nsungwi yong'amba yogonekedwa pakati pa madesiki awiri, ikupindika. Onjezani nsungwi yachiwiri, yachitatu. Kupindika kukuchepa, koma njerwa sikugwa. Tebulo ndi mapeto a mzere umenewu: limapindika pang'ono moti maso saona, ndipo limabweza. Njira yolumikiza zitsanzo chotereyi Clement yemwe uja ndi anzake anaigwiritsa ntchito kwambiri. Koma chenjerani, pano mabuku ena amasokoneza. Kukoka kwa dziko pa buku ndi kukankha kwa tebulo pa buku n'zofanana pamene buku lakhazikika, koma si ziwiri za lamulo lachitatu, chifukwa zonse zili pa buku. Tembenuzani maina muone: dziko likukoka buku, ndiye mnzake ndi buku likukoka dziko.

Zina ndingozidutsa mwachangu. Zoti cholemera chimagwa msanga, yesani ndi pepala ndi buku: pepala litsalira, koma mukaliika pamwamba pa buku, losatulukira m'mbali, zifika limodzi, ndipo mukalikwinya likhala pafupi kufanana ndi mwala. Wochedwetsa ndi mpweya. Dziko limakoka mwala wa makilogalamu 10 kuwirikiza ka 10 kuposa wa kilogalamu imodzi, koma nawonso ndi wovuta kuwirikiza ka 10 kuusintha liwiro, ndiye zimafanana. Mu 1971 David Scott wa ulendo wopita ku mwezi wa Apollo 15 anagwetsa hamala ndi nthenga pa mwezi, kumene kulibe mpweya, ndipo zinafika limodzi. Kanema wake ndi wamfupi, angaonetsedwe pa foni. Za chinthu chozunguzidwa pa chingwe, afunseni kumene chipite chingwe chikatayidwa. Ena adzati chipitiriza kukhota, ena adzati chithawira kunja molunjika kuchoka pakati. Michael McCloskey ndi anzake ku Johns Hopkins anapeza mu 1980 kuti ophunzira ambiri a ku yunivesite nawonso ankajambula njira yokhota. Mukachiyang'ana kuchokera pamwamba, chimapita molunjika kumene chinaloza pa nthawi yotayidwayo. Yesani pabwalo ndi mpira wachikulunga, osati mwala. Ndipo mwana wothamanga amene akufuna kugwetsera mwala m'chidebe ayenera kuutaya asanafike pa chidebecho, chifukwa mwala uli kale ndi liwiro lake lopita kutsogolo. Ambiri amautaya ali pamwamba penipeni, n'kudabwa ukugwera patsogolo.

Mwati mumafotokoza, amavomera, kenako abwerera. Maganizo amenewa ali ngati kapinga: mukapalira pamwamba munda umaoneka woyera, koma mvula ikangogwa waphukanso, chifukwa mizu simunaifike. Kufotokoza kokha, ngakhale komveka bwanji, sikufika pa mizu, chifukwa mwana amamva mawu anu kudzera m'maganizo amene ali nawo kale. Mu 1992 David Hestenes, Malcolm Wells ndi Gregg Swackhamer anatulutsa mayeso otchedwa Force Concept Inventory, a mafunso pafupifupi 30 osankha yankho, amene mayankho ake olakwika anatengedwa ku zimene ophunzira amanenadi. Mu 1998 Richard Hake anasonkhanitsa zotsatira za ophunzira oposa 6,000 m'makalasi 62. M'makalasi amene mphunzitsi ankangofotokoza, ophunzira anapeza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a zimene ankasowa poyamba. M'makalasi amene ophunzira ankalosera, kukambirana ndi kutsutsana, anapeza pafupifupi theka. Ameneyo ndi kafukufuku wa ku America, ndipo theka si zonse, koma njirayo sifuna ndalama.

M'kalasi yodzaza ngati zathuzi imatheka chonchi. Lembani funso limodzi pabolodi ndi mayankho atatu kapena anayi, olakwikawo akhale amene mwawatola m'makope awo. Aliyense aganize yekha mphindi imodzi, kenako onse asonyeze yankho ndi zala pachifuwa nthawi imodzi, kuti wamanyazi asatengere kwa amene amakhala nambala wani. Musaulule. Ngati agawanika, aliyense apeze wa yankho losiyana ndi lake amukope. Mphindi zitatu zakwana. Avotenso, kenako muchite chinthucho pamaso pawo, ndipo mufotokoze pomaliza. Kuloserako n'kofunika kwambiri: mwana amene sananene poyera chimene akuyembekeza amaona chionetsero chanu ngati masewera, ndipo mawa adzakumbukira zimene ankaganiza, osati zimene zinachitika. Pa kukanganako aloleni Chichewa. Mwana amene mwamuumiriza Chingerezi pa nthawi imeneyi amangobwereza chiganizo cha m'buku, ndipo simumva chimene akuganiza. Akagwirizana, alembe m'Chingerezi, chifukwa MANEB idzawafunsa m'Chingerezi.

Ndikudziwa kuti mukuwerengera masabata, silabasi ndi yaitali ndipo MSCE sidikira. Simungachite zimenezi pa mutu uliwonse. Koma pa uwu musaumire nthawi, chifukwa mitu ya ntchito ndi mashini, ya zinthu zoyenda mozungulira, ngakhale ya zinthu zoyandama, yonse imadalira chithunzi cha mphamvu cholondola. Ndipo musayese kupambana kwanu pa tsiku la phunziro. Dikirani masabata atatu kapena anayi, mubwere ndi funso lomwelo litavala zina.

Limene ndingakupatseni loyesera ndi ili. Mayi akutunga madzi pachitsime, chidebe chodzaza chikukwera pa liwiro losasintha. Kukoka kwa chingwe pa chidebe ndi kukoka kwa dziko pa chidebe, chachikulu n'chiti? Amene ati chingwe akadali kwa Buridan, ngakhale atakhoza za mwala ndi ngolo. Amene ati n'zofanana afunseni lachiwiri, kuti mudziwe ngati sanangoloweza mawu akuti zofanana: pa ulendo wonse wa chidebe, kuchokera pamadzi kufika pakamwa pa chitsime, ndi pati pamene chingwe chimaposa dziko, ndipo ndi pati pamene chimachepera? Chimaposa poyambirira, pamene chidebe chikunyamuka, ndipo chimachepera kumapeto, pamene chikukwerabe koma mayi akuchichedwetsa kuti achigwire. Werengani zala pa funso lachiwirili, mudziwa ngati mupitirire ku mutu wotsatira kapena mutulutsenso thabwa ndi botolo.